Othawa Nkhondo a Mapilo

Nkhani iyi kunyumba kwathu saikamba ine ndili pomwepo. Amadikira ndituluke, kenaka ndimangomva chikhakhali kukhitchini. Ndikabwerera, aliyense wagwira kake ngati palibe chachitika. Ndiye ndati bola ndiikambe ndekha, chifukwa amake Tiyamike akamaikamba amathira tsabola wambiri, chikhalirecho nkhaniyo njowawa kale.

Zinali zaka zija nkhondo ya ku Mozambique itakolera, anthu akuwoloka malire ndi timitolo pamutu. Ine ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulayimale pafupi ndi boma la Mangochi, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Dowa. Ndinali mphunzitsi woopedwa, ndipo ndinkanyada nazo. Ndikatsokomola pakhonde, kalasi yonse inkangoti zii. Vuto linali lakuti ndikatsokomola kunyumba, nakonso kunkangoti zii.

Tsiku lina mnzanga wophunzitsa sitandade faifi anandikokera pambali n'kundionetsa kope la mwana wanga woyamba, Tiyamike. Anali atawapatsa chimangirizo cha mutu wakuti "Bambo anga". Mwana wanga, magazi anga enieni, analemba kuti: "Bambo anga ndi abwino. Amachonga makope. Akamaliza amachonga ena. Kusewera sadziwa." (Zilembo zinali zoongoka bwino, mipumiro yonse m'malo mwake, moti panalibe poti n'kumudulira malikisi.) Ndinaseka naye mnzangayo, koma mawu aja anandibaya. Ndinalumbira chamumtima kuti tchuthi chisanathe, mwana ameneyu adzaona ndi maso ake kuti bambo ake kusewera amadziwa.

Mwamwayi, kapena ndinene mwatsoka, ndinali ndi tenti. Anandisiyira mzungu wina wa kusekondale yoyandikana nafe pobwerera kwawo. Ankakonda kunena kuti kwawoko bambo weniweni amatenga ana ake kukagona kutchire, ndipo amabwerako akukondana kwambiri. Ine osamufunsa kuti tchire lakwawolo n'lotani, kapena kudzifunsa kuti munthu wogona m'tenti ankaoneka ngati ndani kuno kwathu m'zaka zimenezo. Safunsa anadya phula.

Sukulu zitatsekera, ndinalengeza tili patebulo.

"Loweruka tikukagona m'tenti kunyanja. Ana ndikasewera nawo ndine."

Amake Tiyamike anaika supuni pansi. "Nyumbayi yatani?"

"Nyumba ilibe vuto."

"Nanga tikuthawa chiyani?"

"Sitikuthawa. Tikukapuma."

"Chabwino, abambo a Tiya. Ine ndipita nawo, koma nditenga zoluka zanga. Mwana akalira, ndi wanu. Akamenyana, ndi anu. Ine ndikukapuma, si mwatero?"

Ndinavomera mokweza, ana onse atatu akumva: Tiyamike wa zaka khumi, Dalitso wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndi mzime wathu Mphatso wa zaka zinayi, amene akalira aneba ankatuluka kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Ndinakonzekera monga amakonzekerera mphunzitsi. Ndinagula kope latsopano, ndinajambula mizere ndi lula, n'kulembamo ndondomeko ya chisangalalo, ola ndi ola. Malo anandiuza ndi mlonda wa pasukulu: tsidya la kum'mawa, pamsewu wa ku Makanjira, kuli gombe la mchenga woyera kopanda munthu ndi mmodzi yemwe. (Iyeyo anali asanapondeko zaka zinayi. Zimenezi anandiuza titabwerako.)

Tinakwera lole ya matola m'mamawa. Ndondomeko inkati teni koloko tikhale tikuimba nyimbo pagombe, koma teni koloko inatipeza amuna tonse tikukankha lole pamchenga. Atatitsitsa pamphambano ina, woyang'anira katundu ndinali ine mwini. Ndinatsitsa tenti. Ndinatsitsa mapilo asanu. Kope langa ndinaliika m'khwapa. Podumpha, thalauza linakodwa pachitsulo n'kung'ambika kumbuyo kuyambira pathumba mpaka pabondo, ndipo ndili mkati moyang'ana tsokalo, lole inanyamuka.

Fumbi litatsika, amake Tiyamike anafunsa ndi mawu ofatsa kwambiri, aja oopsa aja: "Dengu lija?"

Dengu la ufa, mpunga, buledi, nkhuku yokazinga ndi maswiti opatsa opambana masewera linali paulendo wa ku Makanjira. Limodzi nalo panali mtolo wa mabulangeti ndi zovala zosinthira, komanso chitsulo chachikulu chapakati pa tenti. Munthu wina wodutsa panjinga anatiuza kuti lole yobwerera kuboma ndi ya mawa masana, ndipo gombe lili apa pompa. Apa pompa pakepo tinayenda maola awiri.

Tinafika tili mbuu ndi fumbi, milomo itasweka. Tenti ndinaichirikiza ndi nthambi yokhota, inaima ngati ng'ombe yodwala. Mphepo ya mwera inkaomba mosanyengerera. Amake Tiyamike analowa mkati, anakhala papilo, n'kuyamba kuluka. Ine ndinaomba m'manja katatu, ana anaima pamzere (ndinali ndisanawauze kuti aime pamzere, anangozolowera), ndipo ndinatsegula kope.

"Masewera oyamba! Aliyense atchule mitsinje itatu yothira m'nyanjayi."

"Ababa," anatero Dalitso, "amenewo ndi mayeso."

"Si mayeso. Wopambana alandira switi."

"Maswiti ali ku Makanjira," anatero Tiyamike, akuyang'ana pansi.

Tinadumphira masewera achiwiri, kuwerenga mbalame. Mbalame inalipo imodzi, kakowa, ndipo titamuwerenga anauluka. Achitatu anali kuwedza. Mbedza ndi chingwe zinali m'thumba la malaya, ndiye ndinadula bango, n'kuuza ana aime patali aone mmene amaponyera akatswiri. Ine wa ku Dowa, nsomba ndinkangoidziwira m'mbale. Ndinakokera bango kumbuyo, n'kuponya ndi mphamvu zanga zonse. Mbedza inali itakola tenti. Nthambi ija inagwa, tenti yonse n'kukhala pansi, ndipo kuchokera mkati munamveka mawu a amake Tiyamike, osakwiya ngakhale pang'ono: "Musadandaule za ine. Ine ndikupuma."

Apo ndiye Mphatso anayamba. Njala, kutopa, mphepo, zonse anaziika m'kulira kumodzi. Dalitso anakankha Tiyamike, Tiyamike anamubwezera ndi pilo, onse awiri n'kuyamba kulira nawonso. Amayi awo anakwawa kutuluka m'tenti, anandiyang'ana, n'kunena kuti pangano ndi pangano, koma ana ake safa ndi njala chifukwa cha mzungu. Anatsata gombe kukafuna asodzi oti awagule nsomba. Ndinatsala ndekha ndi ana atatu olira, dzanja limodzi litagwira kope, linalo litagwira thalauza.

"Odi kuno!"

Anali mayi wina wochepa thupi, atavala mpango wofiira, ndowa pamutu, ana awiri akumutsata. Anatulukira m'kanjira ka m'bango. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti kuseri kwa kachitunda, gombe lopanda anthu lija linali litasanduka mudzi wathunthu wa anthu othawa nkhondo, misasa ndi matenti mbwee. Mayiwo anayang'ana tenti yakugwa, anayang'ana ana olira, anayang'ana thalauza langa, n'kutula ndowa.

"Pepani, pepani. Mwafika lero?"

"Lero lomwe, amayi."

"Ana adya?"

Ndinapukusa mutu.

"Katundu?"

"Watisiya panjira."

Anagwedeza mutu. "Ifenso zinatero. Musadandaule, achimwene, kuno mfuti kulibe. Mwafika basi. Ine ndine Abiti Amidu."

Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinazindikire chimene ankatiganizira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikonze, koma anali atanyamula kale Mphatso, anamasula mfundo ya chitenje n'kumuika kachidutswa ka chinangwa chootcha m'manja, ndipo kulira kuja kunaduka ngati wathimitsa wailesi. Bata limenelo linandikomera. Ndinatseka pakamwa, n'kudziuza kuti ndinena pakapita kanthawi.

Anachoka pang'ono, n'kubwera ndi kathumba ka ufa, nandolo m'chitini, poto wopindika, bulangeti limodzi, ndi gulu la ana asanu ndi mmodzi. Tenti anaiimika ndi nkhafi ziwiri zakale za bwato, mwachangu moti ndinachita manyazi kupereka malangizo. Analowa mkati kukayala bulangeti, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka. Moto utayaka, anatembenukira kwa ana.

Ndaona aphunzitsi ambiri pa moyo wanga, ena a madipuloma, koma wofanana ndi mayi ameneyu sindinamuone. Analibe kope, analibe switi, ndipo sanakweze mawu ndi kamodzi komwe. Anathyola bango, analing'amba ndi mano, anabaya tsamba pamwamba, bwato la matanga latheka. Mwana aliyense anapanga lake. Mwera uja ine ndinkautukwana, iwo anausandutsa injini: timabwato tinkathamanga m'mbali mwa gombe, ana akutithamangira ndi mfuu. Dalitso, amene kunyumba sankadziwa n'kumanga zingwe za nsapato, anakonza bwato lake katatu mpaka linapambana. Tiyamike anali atagwirana kale mkono ndi mtsikana wina wamsinkhu wake, akunong'onezana ngati anabadwira nyumba imodzi. Ine ndinaima chapatali nditatsamira mtengo (pazifukwa za thalauza), ndikusilira mpaka pakamwa yasa.

Amake Tiyamike anabwerako chimanjamanja, asodzi anali asanakocheze. Abiti Amidu anawalandira ndi manja awiri, "Achemwali, pepani ndi ulendo," n'kuwapatsa chipande kuti aone poto. Sipanatenge nthawi kuti amvetse. Anandikokera kuseri kwa tenti.

"Mwawauza?"

"Ndiwauza."

"Liti? Ufa uwu ndi wolandira pa khadi la othawa nkhondo, wa ana awo."

"Taonani mmene ana akusangalalira. Ndikanena pano achoka."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndinati mwana akalira ndi wanu. Bodzali nalonso ndi lanu, mulilere nokha. Koma ndikukupatsani mpaka mawa m'mawa. Mukapanda kunena, ndinena ndine, ana akumva."

Titadya, Abiti Amidu anayambitsa masewera ena otchedwa nkhanga. Ana onse amayenda pamzere m'maudzu, akucheza. Mayiwo akangoliza lilime kuti tcha! aliyense amadzigwetsa pansi pomwe alipo, osagwedezeka, osaseka, osatsokomola. Iwo amayenda pakati pawo ndi kaudzu, akuwagirigisha m'khosi. Wogwedezeka wadyedwa ndi kabawi, watuluka. Wotsala yekha amalandira bwemba. Ana anga anapenga nawo masewerawo. Koma ana a kumisasa aja, abale inu, ankagona ngati miyala. Kamwana kena kosaposa zaka zitatu kanagona chafufumimba, ntchentche ikuyenda pamphuno, osaphethira. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphunzitsa ndi ndodo m'manja, bata lotero ndinali ndisanalipezepo.

"Ababa, bwerani nanunso!" Anali Tiyamike. Chibadwire anali asanandiitanepo kumasewera. Ndinaika kope pansi n'kulowa pamzere.

Tcha! Ndinadzigwetsa ngati msilikali. Ndinagwera pamzere wa linthumbu.

Amene linthumbu linamulumapo akudziwa. Linapeza khomo lotsekula kale kumbuyo kwa thalauza, n'kulowa ndi abale ake onse. Tiyamike anali atagona pambali panga, diso limodzi lili pa ine, ndiye ndinati ndipirire. Ndinaluma mlomo. Ndinatchula mitsinje yonse chamumtima. Nditafika pa Linthipe ndinalephera: ndinadzambatuka ndi mfuu, ndikudzimenya uku ndi uku, miyendo ikuponda gule amene sanavinidwepo ku Dowa, n'kuthamangira m'nyanja ndi nsapato zomwe. Nkhanga zonse zinadzuka. Ana anagubuduka ndi phwete, Tiyamike mpaka misozi, atagwira m'mimba. Ndili m'madzi ofika m'chiuno, thupi likuyaka, ndinamva kukoma mumtima. Ana anga ankaseka, ndipo wowaseketsa ndinali ine.

Nditauma pang'ono ndinapita pamene Abiti Amidu ankatsuka poto ndi mchenga.

"Amayi, masewera a nkhangawa munawaphunzira kuti? Ndikufuna ndiwalembe, ndi othandiza kwambiri."

"Kuphunzira? Ayi, achimwene, amenewa anabadwira m'njira." Sanasiye kutsuka. "Pobwera kuno ndinali ndi ana asanu ndi atatu, anga atatu, enawo a eni ake. Mwana ukamuuza kuti kutsogoloku kuli amuna a mfuti, amalira, ndipo akalira mwatha nonse. Koma ukamuuza kuti ndi masewera, amagona chete, ngakhale nyerere zimulowe m'khutu. Tinasewera masiku ambiri, mpaka tinaona madzi awa." Anatsukuluza poto, n'kundiyang'ana cham'mbali, akumwetulira. "Inu kaya munadutsa bwanji, ndi kavinidwe kanu kaja."

Apa ndiye panali poti ndinene. Mawu anafika pakhosi, manyazi n'kuwabweza. Ndinangoti, "Mulungu ndi wamkulu, amayi," ngati munthu wopemphera. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ana anagona atafunda bulangeti la Abiti Amidu, ndipo ine pilo sanandithandize chilichonse.

M'mawa nditasuzumira panja, ndinapeza anthu. Anali ngati makumi awiri, amuna ndi akazi, atakhala pamchenga mwakachetechete moyang'ana khomo la tenti. Ena anali atanyamula tinthu: chigubu cha madzi, mbatata ziwiri, malaya akale. Ndinatuluka chokwawa, banja langa lili pambuyo. Bambo wina wachikulire wovala kofia yoyera anandipatsa moni ndi manja awiri, nati dzina lake ndi Che Bwanali.

"Mwambo wathu kuno," anatero, "mlendo akafika timamusiya agone kaye. M'mawa ndiye timabwera kudzamva njira. Munadzera kuti, munaona ndani, midzi iti idakalipo. Aliyense pano ali ndi wake amene akumudikira." Anasendera pafupi, mawu n'kutsika. "Ine ndiyambe, poti ndine wamkulu. Mwana wanga wamkazi, Asiyatu. Wamtali, ali ndi chipsera apa pachibwano, anabereka mwana kumbuyo. Tinasiyana powoloka mtsinje. Mwina munamuona, kaya kumva za iye?"

Maso onse anali pa ine. Amake Tiyamike sanafunikire kunena kanthu. Ndinayang'ana nkhope ya bambo uja, mmene inkadikirira, ndipo ndikanakonda linthumbu lija lindibwerere kakhumi.

"Bambo," ndinatero, "ine sindinathawe nkhondo. Ndine mphunzitsi, ndimakhala kuboma. Nyumba ndili nayo."

"Yapsa?"

"Ayi."

"Akuchotsani ntchito?"

"Ayi, bambo. Tinangobwera... kudzasangalatsa ana."

"M'tenti?"

"M'tenti."

Panali zii, wosiyana ndi uja ndinkanyadira m'kalasi. Che Bwanali anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanakwiye, ndipo bola akanakwiya. Anadzuka pang'onopang'ono, akusasa mchenga pamkanjo.

"Ndiye kuti simunamuone."

"Sindinamuone, bambo. Ndikhululukireni."

"Palibe kanthu. Tidzafunsa ena."

Anatembenuka n'kulowa m'kanjira ka m'bango. Tiyamike anali ataima pafupi ndi mnzake uja, ndipo anali wamkulu mokwanira kumvetsa zonse. Anandiyang'ana kamodzi, n'kuweramitsa mutu. Ndinabwera kudzamuonetsa bambo wodziwa kusewera, ndipo ndinamuonetsa bambo wodya ufa wa anthu ovutika ndi pakamwa potseka.

Amene anandipulumutsa ndi Abiti Amidu omwewo. Anali atangofika kumene, ataima kumbuyo kwa gulu, manja m'chiuno.

"Mukanandifunsa ine musanabwere kuno, ndikanakuuzani," anauza anzawo. "Ine ndinadziwa dzulo lomwe, nditangolowa m'tentimo. Mapilo asanu! Ndani wa inu anathawa ndi pilo?"

Mayi wina anaphulika kuseka, wina n'kutsatira, mpaka gulu lonse. Wina anapempha kuti awaone mapilowo. Anawatulutsa, anayenda dzanja ndi dzanja, anthu akuwafinya ndi kupukusa mitu. Bambo wina anafunsa ngati nyumba yathu ndi yamalata, nditavomera, anagona chagada pamchenga ndi kuseka, akuti, "Yamalata! N'kuisiya!"

"Koma amayi," ndinafunsa, nkhope ikutentha, "ngati munadziwa, bwanji munatiphikira? Bwanji munatisiyira bulangeti?"

"Ana aja ankalira zabodza?" anandifunsa. "Ankanjenjemera zabodza? Anga anazolowera, afunda ziguduli. Anuwa ndi a m'nyumba, akanadwala. Inu ndimangokuonererani kuti mufika nalo pati."

"Ufa wanu ndidzabweza."

"Ufa wodya ana subwezedwa. Mwati ndinu aphunzitsi?"

"Inde."

Analoza ana amene anali atadzaza kale pagombe. "Awa chichokereni kwathu bolodi sanalione. Lole yanu ndi ya masana. Dzulo ndasewera ndi anu, lero sewerani ndi athu."

Ndinayang'ana Tiyamike, kenaka ndinanena zoona kachiwiri m'mawa umodzi, zimene zinali zisanandichitikirepo. "Amayi, ine kusewera sindidziwa."

"Taona," anatero. "Chitani chimene mumadziwacho."

Ndinasalaza mchenga wonyowa ndi phazi, ndinatola kamtengo, n'kulemba chilembo choyamba chachikulu ngati chitseko. Ndinkayembekeza nkhope zija ndinazizolowera, zoyasamula. M'malo mwake ana anakhamukira kutsogolo, akukankhana ndi zigongono. Nditati "A!" anayankha mpaka akakowa anauluka m'bango. Ena anali atayambapo sukulu kwawo m'Chipwitikizi, ndiye ankandikonza katchulidwe, tonse n'kuseka. Kenaka kamnyamata kena kanapempha kuti ndikalembere dzina lake, ndipo basi, aliyense anafuna lake. Ndinayenda chokwawa gombe lonse ndikulemba: Saidi, Amina, Jafali, Patuma. Mwana aliyense ankakhala pafupi ndi dzina lake, atalitchinga ndi manja kuti mphepo isalifute, akulikopera pambali ndi chala. Amayi ena anabwera mwamanyazi kuti nawonso aone mmene dzina lawo limaonekera. Dalitso ndi Mphatso ankanditsata pambuyo, akudabwa kuti anthu akulimbirana chiyani. Palibe amene ndinamutsokomolera, ndipo dzuwa linafika pamutu ine osadziwa.

Wanjinga wina anabwera kudzatiuza kuti tikachedwa lole itisiya. Tenti tinaisiya, panali banja lina lokhala mumsasa wodontha. Amake Tiyamike anavula juzi n'kuveka mwana wamng'ono wa Abiti Amidu, ndipo amayi awiriwo anakumbatirana ngati pachibale. Ine ndinapereka dzanja.

"Sikomo, aphunzitsi," anatero Abiti Amidu. "Ulendo wina mukadzalakalaka kuvutika, musadzavutike kunyamula tenti. Mudzangotumiza uthenga tisinthane: inu kuno, ife kumalata."

Tikumanga mapilo, ndinamva mtsikana uja akufunsa Tiyamike kuseri kwanga. Chiyambire m'mawa mwana wangayo anali asanandilankhule.

"Aphunzitsiwa ndi bambo ako enieni?"

Manja anga anaima pachingwe. Sindinatembenuke. Tiyamike anatenga nthawi yake yonse, ngati akuwerengera kaye.

"Eya," anatero. "Ananama dzulo. Koma ndi anga."

Kusewera sindinaphunzire mpaka lero; adzukulu akabwera amandipatsa moni mwaulemu n'kuthawira kwa agogo awo aakazi. Abiti Amidu anabwerera kwawo nkhondo itatha, ndipo sindinawaonenso. Za Asiyatu sindinamve kanthu, ngakhale kwa zaka zingapo ndinkayang'ana pachibwano mayi wamtali aliyense wodutsa pamsika wa kuboma. Koma yankho la mwana wanga lija ndinalisunga mmene analinenera. Ndine mphunzitsi, ndipo kukonza ziganizo za ana ndi matenda anga, koma chimenecho ndinachisiya. Munalibe cholakwa.